Maampu a Bambo ndi Anapiye a Mayi

3 Epulo

Wokondedwa Mzime wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumene uliko, ndipo ntchito ya kufakitale ikuyenda. Kuno tilipo, kungoti mawondo anga ndi omwe aja. Bambo ako akudya bwino, koma masiku ano sakonda kutuluka, akuti dzuwa likuwathobwa m'maso. Amangokhala pakhonde ndi wailesi yawo.

Nkhani imene ndakulembera ndi ya chofunditsira anapiye chija anandipangira bambo ako chaka chimene unamaliza sukulu. Ukukumbuka kuti pansi pa chivundikiro cha lata pali maelementi awiri otenthetsa? Imodzi yapsa. Yotsalayo payokha siingathe m'nyengo yozizira. Ine ndalembetsa kale anapiye 200, afika pa 12 Juni, ndipo anthu a pa malo odyera aja ndawalonjeza nkhuku mu Ogasiti. Kusitolo ya zamagetsi kuno alibe. Iwe uli pakati pa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, tigulire imodzi utumize pa basi.

Utiuzenso ngati chifuwa chija chinatha.

Ndine mayi ako.

12 Epulo

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Chifuwa chinatha, musadandaule. Mawondowo muzipaka mankhwala aja, osamangowasunga pawindo.

Elementi ndigula, si nkhani. Koma maelementi ali mitundumitundu, ndiye ndikufuna manambala awiri okha. Zolemba za pa yakaleyo ndikudziwa kuti zinafufutika, choncho Bambo atenge mita yawo ayeze yotsalayo ili yoyaka. Andiuze mavoti amene akufika pa soketi ya m'khola, ndi maampu amene elementiyo ikukoka. Ndikachulukitsa mavoti ndi maampu ndipeza mawati, ndiko kuti kutentha kwake. Ndikagawa mavoti ndi maampu ndipeza maomu, ndiko kuti kukana kwa waya wake, ndipo nambala imeneyo ndi imene ndidzayezere yatsopanoyo m'sitolo kuti asandipatse ina.

Kwa Bambo imeneyi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndi iwo anandiphunzitsa zimenezi ndisanayambe n'kuvala nsapato. Muwapatse moni.

Mwana wanu,
Mzime.

23 Epulo

Wokondedwa Mzime,

Moni wako wafika. Kuno mvula yasiya, kwayamba kamphepo m'mawa.

Za manambala zija ndinawauza bambo ako. Poyamba anati ayeza mawa. Mawalo anati batire la mita latha. Ndinagula batire, akuti si la mtundu wake. Ndiye poti masiku akupita, ndayeza ndekha ndi tepi yanga yosokera. Elementiyo ndi yaitali mainchesi khumi ndi awiri, yopindika ngati chigwiriro cha ambulera, kunenepa kwake ngati chala changa chaching'ono. Mtundu wake ndi wakuda, koma mwina ndi utsi. Kumapeto kuli timabauti tiwiri. Ndajambula kuseri kwa pepalali, usaseke.

Ndikuganiza kuti ndi zimenezi wogulitsa aliyense wanzeru angaidziwe. Mlongo wako wamkulu anabwera ndi ana Lamlungu, naye akuti ukuchulutsa gaga m'diwa, elementi ndi elementi.

Mayi ako.

2 Meyi

Amayi,

Ndayamika moni ndi chithunzi chanu. Sindinaseke, koma ndinatsala pang'ono kulira. Ndinapempha manambala awiri, mwanditumizira ambulera.

M'sitolo imene ndimagulamo muli maelementi asanu ofanana ndendende ndi chithunzicho. Ina ndi yofunditsira, ina ndi yowiritsira madzi a m'mgolo. Ndi maso simungasiyanitse. Achimwenewo muwauze kuti za elementi azisiye, azisamala za matayala a galimoto yawo.

Ndaika batire loyenera m'envulopu momwemu, ndalikulunga m'pepala. Tsopano chifukwa chatha. Ndipo n'chifukwa chiyani Bambo sakundiyankha okha? Kale ndikalakwitsa nambala imodzi ankandilembera masamba atatu. Kodi ndinawalakwira?

Chonde, mavoti ndi maampu basi.

Mzime.

12 Meyi

Mwana wanga Injiniya,

Ndi ine bambo ako. Akulemba ndi mayi ako chifukwa dzanja langa lamanja likuchita dzanzi, koma mawu ndi anga.

Sunandilakwire. Ndinangotanganidwa. Batire lafika ndipo ndayeza lero m'mawa, ndekha, chitseko cha khola chili chotseka kuti mayi ako asandisokoneze ndi mafunso. Mavoti ndi 240. Maampu ndi 7.5. Masamu ake uchite wekha, ndione ngati kufakitaleko sanakuiwalitse.

Tumiza msanga, mayi ako akundidya mutu.

Bambo ako.

(Ndawonjezera ndine mayi ako. Manambala ako ndi amenewo, tsopano usatizunzenso.)

20 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndasangalala kumva mawu anu. Dzanjalo mukaonetse kuchipatala, dzanzi si chinthu chosewera nacho.

Masamu ndachita. 240 kuchulukitsa ndi 7.5 ndi mawati 1,800. 240 kugawa ndi 7.5 ndi maomu 32. Bambo, imeneyo ndi mphamvu ya ketulo yowiritsira madzi. Pansi pa kachivundikiro kaja mawati 1,800 sangafunditse anapiye, angawaotche. Ine ndimayembekezera nambala ya pakati pa 300 ndi 500. Ndiponso waya umene unapita kukhola ndi wowonda, ndimaukumbuka, ndi ine ndinkakugwirirani makwerero.

Mwina mita inali pa malo olakwika, kapena munapana mawaya a chinthu china pamodzi. Zimachitika kwa aliyense. Yezaninso, ndipo ngati n'kotheka Amayi aime pambali awerenge nawo. Mukandiyankha tsiku lomwelo nthawi ikadalipo.

Mwana wanu,
Mzime.

29 Meyi

Kwa a Injiniya,

Moni kumeneko. Talandira kalata yanu yotiphunzitsa ntchito.

Ine ndagwira magetsi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinakoka mawaya m'masukulu, m'zigayo ndi m'nyumba zosawerengeka, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inapsa. Mita imene mukuikayikirayo ndinaigula inu musanamere mano. Lero mukuti mkazi wanga, amene amaopa ngakhale kusintha babu, aime pambali panga ngati woyang'anira mayeso? Chofunditsiracho ndinapanga ndine. Ndanena 7.5, ndipo sindiyezanso. Ngati kugula elementi kwakukulirani, nenani poyera tifunse ena.

Bambo anu.

Mzime, ndine mayi ako tsopano. Ndalemba monga ananenera, ngakhale zina ndachotsa. Chiwerengere kalata yako sakudya bwino. Kodi ukafuna kuwachititsa manyazi, n'kudzera mwa ine? Anapiye atsala masiku khumi ndi anayi. Ine za maomu sindizidziwa, chimene ndikudziwa n'chakuti mwanapiye akagona pozizira sadzuka. Miyezi iwiri yatha tikulemberana za kachitsulo kamodzi. Anzanga ana awo akapemphedwa chinthu amangotumiza. Wanga ndinamuphunzitsa sukulu kuti azinditumizira mafunso.

6 Juni

Amayi,

Ndamva. Katunduyu ndamupereka kwa kondakitala wa basi ya Lachisanu. Muli elementi ya mawati 1,800, monga mwa manambala a Bambo. Ndagula mtima ukukana, koma sindikufuna kuti muzinena kuti ndine mwana wouma manja.

Envulopu yaying'ono yomatayo ndi ya Bambo okha. Muwapatse m'manja, musaitsegule.

Mzime.

6 Juni

Bambo,

Iyi ndalembera inu nokha kuti tisakanganirane pamaso pa Amayi. Pepani ngati mawu anga anakupwetekani. Sindikukayikira ntchito yanu. Ndikukayikira nambala imodzi.

Ndikupemphani zinthu zitatu. Musanaimange, yezani maomu a elementi yakale ili yozimitsa. Mukapeza 32, ndalakwa ndine, ndipo ndidzapepesa pamaso pa onse. Mukapeza oposa 100, yatsopanoyi musaimange, mungoibisa, n'kuwauza Amayi kuti ndatumiza yolakwika. Mlanduwo ndiusenza ine, ndipo yoyenera ndidzatumiza pa basi yotsatira. Chachitatu, zivute zitani, musaiyatse anapiye ali pansi pake musanaiyese ola lathunthu khola lili lopanda kanthu.

Mwana wanu,
Injiniya.

16 Juni

Mzime,

Moni ndilibe lero.

Anapiye anafika pa 12, onse amoyo, okongola. Masiku awiri tinalimbana ndi elementi imodzi ija pamodzi ndi mabotolo a madzi otentha. Katundu wako anachedwa ku depoti, tinamulandira pa 14. Bambo ako anamanga m'mawa mwake, ine n'kupita kukagula chakudya cha anapiye ndi katemera. Ndinachoka 8 koloko. Ndinabwera 12 itadutsa.

Ndili pageti ndinamva fungo la pulasitiki. Bambo ako anali pakhonde, akuti, “Agona bwino, kuli zii.” Nditatsegula khola, mpweya unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Anapiye anali atathawira m'mbali mwa mpanda wa katoni uja, ataunjikana, milomo ili yasa. Waya wa kukhoma unali utafewa ngati phula. Ndinazimitsa ndi mtengo wa tsache.

Afa 143. Ndinawawerenga ndikuwaika m'ndowa. Otsalawo ena akuyenda ngati oledzera.

Ndinawafunsa bambo ako kuti m'kalata yako yachinsinsi munali chiyani. Akuti munali moni ndi kupepesa basi. Iwo akuti mwina sitolo inakupatsa elementi yachinyengo, kapena unasokoneza masamu. Ine sindikudziwa. Iwe ndi amene unaphunzira. Ngati unkadziwa kuti chinthuchi n'choopsa, unatumiziranji? Kuti utionetse kuti unkanena zoona? Waonetsa. A pa malo odyera aja ndawauza kuti afune nkhuku kwina.

Mayi ako.

24 Juni

Amayi,

Ndawerenga kalata yanu katatu nditakhala pa benchi ya kuseri kwa fakitale, ndipo ntchito sindinaigwirenso bwino. Za anapiye zandipweteka. Ndikudziwa mmene munawadikirira.

Koma mlandu uwu sindiulandira wonse. Ndinakana, munanditcha wamwano. Ndinatumiza, mukunditcha wankhanza. Ndikanachita chiyani kuti ndikhale mwana wabwino? Masamu sanalakwe. 240 ndi 7.5 amabala 1,800 lero, mawa ndi mkuja. Sitolo sinandinamize, ndinayeza ndekha pa kauntala, inali maomu 32. Cholakwa changa n'chimodzi, ndinaopa mkwiyo wa Bambo kuposa mmene ndinaopera moto. Chimenecho ndivomera, ndipo chikundisowetsa mtendere, chifukwa ikanapsa nyumba muli inu mkati.

M'kalata ija simunali moni wokha. Ndinawapempha kuti ayeze kaye, ndiponso kuti asayatse anapiye ali pansi. Ndinawapatsa ngakhale njira yoti anamizire ine. Ngati anawerenga zimenezo n'kuyatsabe, ndiye kuti si Bambo amene ndikuwadziwa. Afunseni akuonetseni kalatayo, muwerenge nokha. Chinsinsi chatha.

Elementi yatsopanoyo ichotsedwe lero. Waya wofewawo asaukhudze munthu mpaka usinthidwe.

Mzime.

5 Julaye

Mwana wanga,

Ndikhulupirira mtima wako watsikako. Khala pansi uwerenge bwino.

Kalata yako ya kwa bambo ako ndinaipeza m'thumba la jekete lawo. Inali yotsegula, yothetheka m'mopinda ngati yagwiridwa kambirimbiri. Ndinaiwerenga yonse. Sindinawafunse nthawi yomweyo. Ndinayamba kukumbuka zinthu. Makalata ako onse chaka chino amati ndiwawerengere ine, ati magalasi aiwala kuchipinda. Nyuzipepala anasiya kugula, ati muli mabodza okhaokha. Mwezi watha anapatsa moni mlamu wawo pomutchula dzina la munthu wina.

Ndiye ndinatenga lisiti la chakudya cha nkhuku, n'kuwapatsa. Ndinati, “Bambo ake Mzime, nayi kalata ya mwana wanu ija, tandiwerengereni ndimve ndekha.” Anavala magalasi, n'kuligwira lisitilo mozondoka. Anakonza kukhosi, n'kuyamba, “Okondedwa Bambo, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi.”

Ndinati, “Limenelo ndi lisiti.”

Anaika lisitilo pansi. Kenaka anati, “Ndiye mwandigwira.”

Mzime, bambo ako sakuona. Akuti zinayamba chaka chatha ngati utsi, tsopano diso lamanzere ndi chifunga chokhachokha, lamanja limaona zinthu zikuluzikulu basi. Dzanja lilibe dzanzi lililonse. Kalata yako anaitsegula, anapita nayo padzuwa, anaiyandikiza, anaitalikitsa, osaona kanthu. Kundipatsa ine sakanatha, poti unanena kuti ndi yawo okha, ndipo ankaganiza kuti wawanyozamo. Elementi anamanga ndi manja, pakuti zala zawo zimadziwa bauti iliyonse. Akuti atayatsa anaika dzanja pansi pa chivundikiro, n'kumva kuti kutentha kwanyanya. Ndinati, “Nanga osazimitsa bwanji?” Akuti, “Ndinadziuza kuti ndi chifukwa n'chatsopano. Kuzimitsa kunali kuvomera kuti mwana ananena zoona.”

Ndinawakalipira, sindikubisa. Zaka makumi anayi tili limodzi, munthu n'kumandibisira maso? Ine ndimagona pambali pawo, ndimawaphikira, osadziwa. Ndinadzikalipiranso ndekha.

Dzulo m'mawa anandiitana kukhola. Anali atachotsa kale elementi yako, ndipo anakoka chingwe china kuchokera kukhitchini. Anapana waya wa elementi yakale ndi mita yawo, n'kundipatsa m'manja. Akuti, “Werengani.” Ndinati, “Wani, kadontho, faifi.” Akuti, “Osati seveni?” Ndinati, “Wani. Woongoka ngati msomali.”

Sanafune pepala. Anangoti, “Mawati 360. Maomu 160.” Anakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku, n'kunena kuti ndikulembere manambala amenewo. Ndinafunsa ngati pali mawu ena oti ndiwonjezere. Akuti manambalawo akwana, umva.

Za chipatala akukana. Akuti sakufuna munthu awagwire m'maso ndi mpeni. Anapiye atsala 51. Mawu amene ndinakulembera aja undikhululukire.

Mayi ako.

13 Julaye

Amayi,

Ndamva zonse. Ndakwiya, koma sindikudziwanso kuti ndikwiyire ndani. Miyezi itatu ndakhala ndikukuwa kuti yezani, yezani, kwa munthu amene sakuona, ndipo chenjezo langa ndinalitsekera m'envulopu.

Ndapempha tchuthi cha milungu iwiri. Bwana ananyinyirika, ndinamuuza kuti makina ake sathawa. Ndifika Loweruka ndi elementi ya mawati 360 ndi waya wokwanira khola lonse. Ndafunsa kwa namwino wa kuntchito kuno, akuti zikumveka ngati ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa munthu n'kubwerera kunyumba mawa lake. Adokotala ndiwo akanene zenizeni.

Bambo muwauze chonchi, osachotsa liwu. Lolemba tikupita kuchipatala cha maso. Akakana, khola ndikaitanira wamagetsi wa pamsika uja, amene iwo amati amalumikiza mawaya ndi malovu, ndipo adzagwira ntchitoyo iwo atakhala pakhonde akumva.

Mzime.

30 Ogasiti

Wokondedwa Mzime wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo bwana wako sanakudule mutu. Ife tilipo.

Diso lachiwiri analichita opaleshoni Lachitatu lapitali, ndipo dzulo achotsa bandeji. Adokotala akuti onse awiri ali bwino. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso iwe. Koma ndikuuze zoona, mtendere m'nyumba muno watha.

Munthu uja tsopano akuona chilichonse. Waona kuti makatani anasuluka. Waona ndere pasiling'i ya kubafa. Lero m'mawa wakhala ola lathunthu m'khola akuyendera waya umene unakoka, akuugwira, akupukusa mutu. Akuti timisomali togwira waya unatitalikitsa kwambiri, ndipo pa ngodya ya kuchitseko unapinda mwaulesi. Ndinati, “Nanga ukugwira ntchito kapena ayi?” Akuti, “Ukugwira, koma si nkhani imeneyo.” Atatero anayeza yekha, n'kundiitanabe kuti ndiwerenge nawo. Tonse tinapeza 1.5.

Nkhuku 48 zimene zinakula ndagulitsa kwa anthu apafupi. A pa malo odyera akuti tikambirane za Disembala. Ndalembetsa anapiye ena 300, ndiye bambo ako akufuna kupanga chofunditsira chachiwiri, chokulirapo. Manambala ake ali pa pepala limene ndaikamoli, alemba okha, uona zilembo zake ngati za pa chikwangwani. Akuti uwerengetsere iwe, ndipo ukaona pokayikitsa unene. Mawu amenewo anawanena akuyang'ana kukhoma.

Madzulo ano tikumwa tiyi anandiyang'anitsitsa mpaka ndinachita manyazi. Kenaka akuti, “Kodi imvi zonsezi munayamba liti?” Ndinawauza kuti theka ndi za ukalamba, theka linalo zinamera pakati pa Epulo ndi Julaye, ndipo mwini wake ndi amene akufunsayo. Anangondithirira tiyi wina, osataya ngakhale dontho.

Uyankhe msanga, anapiye afika pa 20.

Ndine mayi ako.